Kakonzedwe ka Kabogi ka Sitima Kofanana ndi Bogi Lenileni la Mark 1

Ntchito yokonza timabogi ta sitima tofanana ndi mabogi enieni onyamula anthu imayambira pa chithunzi, ndipo mpeni ndi bulashi zimabwera pambuyo. Amene akufuna kabogi kokhutiritsa maso ayenera kusankha bogi limodzi lenileni, lodziwika nambala yake ndi chaka chimene linajambulidwa, kenako n'kumafunsira kwa chithunzicho pa chilichonse chimene akufuna kudula, kumata kapena kupaka. Malangizo otsatirawa akunena za bogi la mtundu wa Mark 1 la British Railways pa sikelo ya OO, imene imachepetsa bogi lenileni ka 76.2, chifukwa timabogi ta mtundu umenewu timapezeka mosavuta, tatsopano ngakhale togwirapo kale ntchito, ndiponso tizipangizo totikonzera n'tambiri. Njira yake ndi yotenga kabogi kapulasitiki kogula n'kukakonza mpaka katafanana ndi bogi la pachithunzi, ndipo pena tikhudzapo za m'mbali za bulasi zimene anthu ozolowera ntchitoyi amakonda.

Kulidziwa bogi lenileni

Mabogi a Mark 1 anayamba kuyenda mu 1951, patangopita zaka zitatu chiyambire boma la Britain kuyendetsa pafupifupi njanji zonse pansi pa British Railways, ndipo okokedwa ndi injini anapitirira kupangidwa mpaka mu 1963. Ankapangidwa m'malo angapo monga Derby, Wolverton, Swindon, York, Doncaster ndi Eastleigh, komanso ndi makampani ena amene ankapatsidwa ntchitoyo. Ambiri anali otalika mafiti 64 ndi mainchi 6, pamene onyamula katundu yekhayekha a mtundu wa BG ndi ena oyenda maulendo afupiafupi anali a mafiti 57. Munthu wongodutsa amawaona ngati ofanana onse, koma kwa wokonza timabogi kusiyana kwake ndiye ntchito yonse.

Choyamba kuyang'ana pa chithunzi ndi mtundu wa bogilo, umene ankaulemba ndi zilembo. TSO ndi bogi lopanda zipinda, la mipando 64 yoyang'anizana ndi matebulo pakati. SK lili ndi zipinda 8 ndi mpita m'mbali mwake, ndipo m'zigawo za British Railways zotchedwa London Midland, Eastern ndi Scottish chipinda chilichonse chinkakhala anthu 6, pamene m'zigawo za Western ndi Southern chinkakhala anthu 8. CK limasakaniza zipinda 4 za kalasi yoyamba ndi 3 za kalasi yachiwiri, BSK lili ndi zipinda 4 ndi malo a gadi ndi katundu, ndipo FK lili ndi zipinda 7 za kalasi yoyamba. Kayalidwe ka mazenera kamatsata kagawidwe ka m'katimu, motero mbali ziwiri za bogi la zipinda sizifanana, ndipo ndi bwino kupeza zithunzi za mbali zonse ziwiri musanayambe.

Chachiwiri ndi tingolo ta mawilo timene bogi limakhalapo. Mabogi oyambirira anali ndi tingolo ta BR1 ta masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, timene tinkayamba kugwedeza apaulendo tikatha pang'ono. Kenako kunabwera ta Commonwealth, ta chitsulo choumba, tolemera koma toyenda mwabata mpaka liwiro la mamailosi 100 pa ola, ndipo pambuyo pake kunabwera ta B4, topepuka, timene tinaikidwa pansi pa mabogi ambiri akale. Bogi limodzi lomwelo likhoza kuoneka ndi BR1 pa chithunzi cha 1955 n'kudzaoneka ndi B4 pa chithunzi cha 1975, n'chifukwa chake chaka cha chithunzi n'chofunika ngati nambala yomwe.

Penti nayenso amatchula zaka. Mpaka mu 1956 mabogi a maulendo ataliatali ankapakidwa kufiira m'munsi ndi m'mwamba, mzere wa mazenera n'kukhala wa kirimu. Kuyambira chaka chimenecho ambiri anayamba kupakidwa kufiira kodera kwa maruni, chigawo cha Southern chinabwerera ku mtundu wobiriwira, ndipo cha Western chinapaka bulawuni ndi kirimu pa sitima zake zotchuka zokha. M'chaka chomwecho cha 1956 kalasi yachitatu inasinthidwa dzina kukhala yachiwiri. Pakati pa zaka za m'ma 1960 kunabwera buluu ndi wotuwa, mtundu umene unakhalitsa kwambiri. Mzere wachikasu wosonyeza kalasi yoyamba ndi mzere wofiira wosonyeza modyera, pamwamba pa mazenera, unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, choncho suyenera kuoneka pa kabogi koimira chaka cha 1954. Amene ali ku Britain akhoza kukaona mabogi amenewa ndi maso pa njanji zosungira zakale monga Severn Valley Railway ndi North Yorkshire Moors Railway, koma akumbukire kuti mabogi a kumeneko akonzedwa kambirimbiri ndipo ena ali ndi zinthu zimene analibe pa nthawi ya British Railways.

Masamu a sikelo

Pa sikelo ya OO futi imodzi ya bogi lenileni imakhala mamilimita 4 pa kabogi, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 76.2. Motero bogi la mafiti 64 ndi mainchi 6 limapereka kabogi ka mamilimita 258, ndipo la mafiti 57 limapereka ka mamilimita 228. Pakati pa kangolo kamodzi ndi pakati pa kanzake pali mafiti 46 ndi mainchi 6, amene ndi mamilimita 186, ndipo ma ekiselo awiri a kangolo kamodzi amatalikirana mafiti 8 ndi theka, amene ndi mamilimita 34. Mawilo a BR1 ndi a Commonwealth ndi a mamilimita 14 pa sikeloyi, pamene a B4 ndi a mamilimita 12. Lembani manambala amenewa pa kapepala n'kuyeza kabogi musanagule, pakuti timabogi tina takale tinkafupikitsidwa dala kuti tizikhota m'makona ang'onoang'ono, ndipo kabogi kafupi sikangatalikitsidwe popanda ntchito yoposa mtengo wake.

Pali chinthu china chimene woyamba kumene ayenera kuchidziwa msanga. Njanji ya OO ndi yotambalala mamilimita 16.5, muyezo umene ndi wolondola pa sikelo ya HO ya 1:87, koma pa 1:76.2 njanji yeniyeni ya mamilimita 1435 imayenera kukhala mamilimita 18.83. Anthu ena savutika nazo zimenezi, ena amasamukira ku muyezo wa EM wa mamilimita 18.2, ndipo ena amapita ku P4 wa mamilimita 18.83 enieniwo. Kwa woyamba, OO ndi yokwanira, popeza kabogi kamaonedwa cham'mbali nthawi zambiri ndipo kuchepa kwa njanjiko sikuonekera kwenikweni. Amene mtima wake uli pa mabogi a njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, zimene zambiri ndi za mamilimita 1067, masamu ake ndi ena: pa 1:87 njanji yoyandikira ndi ya mamilimita 12, ndipo pa 1:64 njanji ya mamilimita 16.5 imakwanira bwino. Njira zodulira, zopakira ndi zoikira magalasi sizisintha.

Zida zofunika si zambiri. Mpeni wakuthwa wa timasamba tosinthasintha, rula yachitsulo, timatupa ting'onoting'ono, sandipepa wosalala kuyambira nambala 400 mpaka 1200, kogwirira tizitsulo toboolera ta mamilimita 0.4 ndi 0.5, kopanira tizinthu ting'onoting'ono ndi nyali yowala bwino n'zokwanira pa ntchito ya pulasitiki. Choyezera kutalikirana kwa mawilo a pa ekiselo imodzi n'chotsika mtengo ndipo chimathetsa mavuto ambiri kuposa chida china chilichonse pa tebulopo.

Mawilo, msinkhu ndi kulemera

Phwasulani kabogi modekha. Timabogi tambiri timagwirana ndi timano tapulasitiki tobisika m'munsi mwa m'mbali, ndipo njira yabwino ndi yolowetsa timakadi topyapyala pakati pa thupi ndi chimango, kamodzi pa dzino lililonse, mpaka thupi litamasuka lokha. Sikuludiraiva imasiya zipsera ndipo imathyola timanoti. Zidutswa zonse ziikidwe m'kabokosi kamodzi, ndipo lembani kachizindikiro m'kati mwa thupi, pa mipando ndi pa chimango kusonyeza mbali imene zinayang'ana, chifukwa mipando ikabwezedwa chozondoka makoma a zipinda amadutsa pakati pa mazenera.

Mawilo apulasitiki achotsedwe, pakuti amatola litsiro n'kulipaka pa njanji. M'malo mwake muikidwe achitsulo a ekiselo yosongoka kumapeto, imene pa OO imakhala ya mamilimita 26. Ngati maenje a m'kangolo akula, aboolereni pang'ono n'kuikamo timbale tabulasi ta mamilimita 2 tolandirira nsonga za ekiselo, koma muonetsetse kuti ma ekiselo awiriwo ali chilinganizire, chifukwa kangolo kopotoka kamayenda ndi mawilo atatu. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani kangolo pa galasi losalala n'kukanikiza ngodya iliyonse ndi chala, ndipo kakagwedera ndiye kuti pali wilo limene silikugunda pansi. Kuchokera kuseri kwa wilo limodzi kufika kuseri kwa linzake payenera kukhala mamilimita 14.5, ndipo wilo lopanikizana kapena lotayana ndilo limagwetsa kabogi pamphambano za njanji nthawi zambiri, ngakhale kuti eni ake amathamangira kuimba mlandu njanjiyo.

Msinkhu wa kabogi ndi chinthu chimene maso amachigwira msanga kuposa tizokongoletsa tonse. Pakati pa bafa, chitsulo cha kumapeto kwa bogi cholandira kugundana, payenera kukhala pafupifupi mamilimita 14 kuchokera pamwamba pa njanji. Dulani kachidutswa ka pulasitiki ka msinkhu umenewu, kaimikeni pa njanji, ndipo kabogi kalikonse kayesedwe mbali zonse ziwiri. Kokwera kwambiri kamatsitsidwa popala pamene kangolo kamakhudzana ndi chimango, ndipo kotsika kamakwezedwa ndi kawashala kopyapyala. Sitima ya timabogi asanu imene madenga ake ndi mizere ya mazenera zikuyenda pa mzere umodzi imaoneka yeniyeni ngakhale itapanda zokongoletsa zina, pamene sitima ya timabogi tokongola koma tosiyana msinkhu imaoneka ngati mano a macheka. Mbali imodzi kangolo kamangidwe moti kazingotembenuka, ndipo mbali inayo kasiyidwe komasuka pang'ono kuti kazitha kupendekera uku ndi uku pa njanji yosalingana.

Za kulemera, bungwe la okonza timasitima la ku America lotchedwa NMRA limalangiza kuti pa HO kabogi kazilemera aunsi imodzi kuwonjezapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake, ndipo pa kabogi ka mamilimita 258 zimenezi zimafika pafupifupi magalamu 170. Si lamulo la OO, ndipo timainjini tina timalephera kukoka timabogi tambiri tolemera chotero pokwera mtunda, koma mfundo yake ndi yoona: timabogi ta sitima imodzi tizilemera mofanana, chifukwa kopepuka kakakhala pakati pa tolemera kamakokedwera kunja kwa njanji pokhota. Chitsulo chowonjezera chiikidwe pansi penipeni, pakati pa tingolo.

Denga, mapeto ndi m'mbali

Popeza njanji zambiri za timasitima zimakhala pa tebulo, denga ndilo limaonedwa koyamba. Denga la Mark 1 linali la malata owotcherera, ndipo mizere yolumikizira inkaoneka pang'ono chabe, koma pa timabogi tambiri ta m'sitolo mizereyi imatukuka ngati nthiti. Ipaleni ndi msana wa mpeni, mukukoka mpeniwo chopingasa, kenako salazani ndi sandipepa wonyowa mpaka itatsala ngati mthunzi. Tizotulutsira mpweya ta padenga tikhoza kudulidwa n'kuikapo tachitsulo ngati mtundu wake kapena malo ake akusiyana ndi chithunzi, ndipo mapaipi odzazira madzi a m'chimbudzi, amene amakwera kuchokera kumapeto kwa bogi kupita padenga, amapangidwa ndi waya wa bulasi wa mamilimita 0.45.

Kumapeto kwa bogi kuli zinthu zingapo zotchula chaka. Mabogi a m'ma 1950 anali ndi timasitepe tokwerera padenga, timene tinachotsedwa nthambo za magetsi zitayamba kufalikira pamwamba pa njanji, ndipo pa nthawi yomweyo panayamba kuikidwa tizikwangwani tochenjeza za magetsi. Mabafa a Mark 1 ankabwezedwa m'kati bogi likalumikizidwa ndi linzake pogwiritsa ntchito chokolera cha pakati, ndipo ankatulutsidwa pokhapokha bogi likamangidwa ku injini kapena ku bogi la chokolera chakale. Choncho pa sitima yosalekanitsidwa, mabafa aatali akhale kumapeto kwenikweni kokha. Bogi lomaliza likhale ndi kanyali koyera ka diso lofiira, pakuti sitima yopanda nyali imeneyi inkatengedwa kuti yaduka panjira.

Zogwirira za pa zitseko zimene zinaumbidwa pamodzi ndi thupi zikhoza kupalidwa n'kuikapo za waya, koma apa pafunika kulingalira kaye. Inchi imodzi yeniyeni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita pa sikeloyi, motero waya wa mamilimita 0.3 kapena 0.33 ndiye woyenera, ndipo wonenepa kuposa pamenepo amaoneka ngati mpope. Ngati penti wa kufakitale ndi wabwino ndipo simukufuna kupakanso, zisiyeni zogwirirazo n'kungozikhudza ndi kansonga ka bulashi, chifukwa chipsera cha mpeni pa mbali yosalala ya bogi chimaoneka kwambiri kuposa chogwirira choumba. Ngati mwaganiza zopala, pangani kachikombole koboolera kuchokera ku kachidutswa ka bulasi kuti mabowo a zitseko zonse akhale pa msinkhu umodzi.

Mitundu ina ya Mark 1 sipezeka yopangiratu, makamaka mabogi ena odyeramo, ndipo apa ndi pamene m'mbali za bulasi wopyapyala, monga za Comet Models, zimathandiza. Mbali ya Mark 1 ndi yokhota pang'ono kuchokera pansi mpaka padenga, ngakhale magalasi ake ndi athyathyathya, choncho ngati bulasi wabwera wosapinda, mugonekeni chafufumimba pa mphira wofewa n'kugubuduzapo kachitsulo kobulungira mobwerezabwereza, mukuyerekeza ndi mapeto a kabogi. Mahinji ndi mafelemu a mazenera a pa zitseko amawotchereredwa chakuseri ndi mtovu wosungunuka pa madigiri 145, pamene tizidutswa ta chitsulo chofewa choyera timafuna mtovu wa madigiri 70, apo ayi timasungunuka. Mukamaliza, tsukani bulasi ndi sopo wokwechesera ndi mswachi kuti asidi wowotcherera achoke, pakuti wotsalira amadzatulukira pansi pa penti ngati zibiriwira. Pa thupi la pulasitiki dulani mzere wonse wa mazenera akale, kusiya kachigawo m'mwamba ndi m'munsi kokhalira bulasi, palani zotukuka zonse, ndipo matani ndi guluu wa epoxy wopaka mopyapyala. Guluu wa zosungunulira zamphamvu akachuluka amapitiriza kudya pulasitiki m'kati kwa miyezi, mbali n'kuyamba kupindika.

Penti ndi manambala

Tsukani thupi ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, lisiyeni liume usiku wonse, ndipo kuyambira pamenepo musaligwirenso ndi manja. Limangeni pa kathabwa kogwirira. Bulasi amafuna penti woyamba wa mtundu woluma chitsulo, pamene pulasitiki imalola penti woyamba wamba wopopera. Pansi pa maruni pamayenera penti woyamba wofiirira, ndipo pansi pa kirimu kapena wotuwa pamayenera woyera kapena wotuwa mopepuka, chifukwa mitundu imeneyi imaonetsa zimene zili pansi pake. Makampani a Phoenix Precision ndi Railmatch amagulitsa mitundu yosakaniziratu ya British Railways. Poperani mopyapyala kangapo, dzanja likuyamba kuyenda lisanafike pa kabogi ndipo likupitirira mpaka kudutsa mapeto ake. Tsiku la chinyezi chambiri silabwino, popeza penti amachita mbuu, ndipo kuumitsa kabogi padzuwa kumapinda pulasitiki.

Pa mitundu iwiri, yambani ndi wowala. Pakani kirimu kapena wotuwa, dikirani masiku angapo kuti aumiretu, matani tepi pa mzere wa mazenera, kenako pakani mtundu woderawo. Tepi idulidwe ndi rula pa galasi kuti m'mphepete mukhale mowongoka, ikanikizidwe ndi kamtengo m'mipata ya zitseko, ndipo ichotsedwe penti asanaumitsitse, mukuikoka chobwerera m'mbuyo. Pa buluu ndi wotuwa, ngodya za chigawo chotuwacho ndi zobulungira ndipo zimazunguliridwa ndi kamzere koyera. Mapeto a bogi anali akuda pa nthawi ya kufiira ndi kirimu, ndipo anali abuluu pa nthawi ya buluu ndi wotuwa.

Timapepala ta manambala ndi mizere, monga ta Fox Transfers, Railtec kapena HMRS, timagwira bwino pa penti wonyezimira yekha. Pa penti wosanyezimira mpweya umatsekeredwa pansi pake ndipo m'mphepete mumaoneka ngati siliva. Mizere yaitali iduleni m'zidutswa za masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo poiyala muziyang'ana kabogi kuchokera kumapeto, diso lili pafupi ndi mbali, pakuti kukhota kumene sikuoneka chamaso kumaonekera pamenepo. Nambala imayamba ndi chilembo cha chigawo: M, E, W, S kapena Sc. Zonse zikauma, pakani vanishi wonyezimira pang'ono m'mbali, ndi wosanyezimira padenga ndi pansi.

Magalasi ndi za m'kati

Ngati pali ntchito imodzi imene imasintha nkhope ya kabogi kakale, ndi ya magalasi. Pa bogi lenileni galasi limakhala pafupi kwambiri ndi kunja kwa mbali, koma pa kabogi kapulasitiki khoma limanenepa milimita imodzi kapena kuposa, amene ndi mainchi atatu enieni, ndipo galasi loikidwa kuseri kwake limaoneka lili m'dzenje. Magalasi odulidwa limodzilimodzi, monga Laserglaze a Shawplan kapena Flushglaze a South Eastern Finecast, amalowa m'bowo la zenera n'kulingana ndi kunja. Musanawaike, pakani wakuda kapena wotuwa woderapo m'mphepete mwa bowo lililonse kuti kunenepa kwa khoma kubisike. Galasi lililonse liyesedwe louma, ndipo likakana kulowa palani galasilo, osati bowo lopakidwa kale.

Supagulu asayandikire magalasi, chifukwa nthunzi yake imasiya chifunga choyera chimene sichichoka, ndipo chimadzaonekera kabogi katatsekedwa kale. Gwiritsani ntchito guluu woyera wouma moonekera, monga Glue 'n' Glaze, kapena vanishi wonyezimira wodonthezedwa m'ngodya ndi kansonga ka bulashi. Magalasi aikidwe vanishi womaliza atapakidwa kale. Mazenera a zimbudzi apakidwe woyera chakuseri, ndipo m'mpita mwa mabogi a zipinda muikidwe waya wopingasa kuseri kwa magalasi woimira chitsulo chogwirira. Zenera limodzi kapena awiri a pa zitseko akhoza kusiyidwa otsika theka, monga mmene apaulendo ankawasiyira.

M'kati simufunika luso lambiri, popeza zimene zimaoneka pa zenera ndi mitundu chabe. Mabogi oyambirira anali ndi makoma a matabwa opaka vanishi, ndipo apambuyo pake ambiri anali ndi makoma owala a Formica. Pakani makoma, mipando ndi pamwamba pa matebulo, ndipo pansi pakhale poderapo. Tianthu ta sikelo ya HO, monga ta Preiser, timakwanira bwino m'mipando kuposa ta OO, chifukwa pansi pa kabogi ndi pokwera kuposa muyezo, ndipo nthawi zambiri miyendo imayenera kudulidwa kuti mitu ifike pa msinkhu woyenera pa zenera. Anthu khumi kapena khumi ndi awiri obalalika m'bogi la mipando 64 amaoneka bwino kuposa bogi lodzaza. Wofuna magetsi asankhe ma LED ofiirira pang'ono, awachepetse mphamvu kwambiri ndi resistor, aikepo capacitor yoletsa kuphethira, ndipo apake wakuda m'kati mwa denga kuti kuwala kusadutse pulasitiki. Mababu a m'mabogi oyambirira sankawala kwambiri, ndipo masana sankaoneka n'komwe.

Litsiro ndi kulumikiza

Mabogi onyamula anthu ankatsukidwa m'mbali kawirikawiri, koma denga, mapeto ndi zapansi sizinkakhudzidwa, ndipo kadetsedwe ka kabogi kayenera kutsata zimenezi. Zapansi sizikhala zakuda bii. Fumbi la mabuleki ndi la njanji limazisandutsa zabulawuni wotuwa, mtundu umene umapezeka posakaniza penti wa Humbrol 62 (wabulawuni) ndi wa Humbrol 33 (wakuda). Pakani tingolo, mabokosi a mabatire, dayinamo, masilinda a mabuleki ndi nkhope za mawilo, kusiya pamene wilo limaponda njanji ndi nsonga za ekiselo. Pa mabokosi a ma ekiselo ndi pa nkhope za mabafa donthezani kakuda konyezimira koimira girisi. Denga la nthawi ya injini za malasha likhale lakuda motuwa chifukwa cha mwaye, ndipo madenga a sitima imodzi asiyane pang'ono, popeza mabogiwo sankatuluka kokonzedwa tsiku limodzi. M'mbali, lowetsani penti wosungunula kwambiri m'mipata ya zitseko ndi kuzungulira mahinji, kenako pukutani ndi kathonje kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi, kutsata njira ya madzi a mvula, mpaka litsiro litatsala m'makona mokha.

Mabogi enieni a Mark 1 amayenda timipita ta kumapeto titagundana, ndipo mpata waukulu pakati pa timabogi umawononga ntchito yonse imene yachitika pa kabogi kalikonse. Timabogi tamakono tili ndi kabowo ka muyezo wa NEM 362 kolowetsamo chokolera, motero n'zotheka kuchotsa chokolera chachikulu cha m'sitolo n'kuikamo cha Kadee, chimene chimafanana ndi chokolera chenicheni cha pakati, kapena kandodo kosalekana pa sitima imene simuilekanitsa. Kufupika kwa chokolera kumadalira kona yothina kwambiri pa njanji yanu. Makona a mamilimita 438 (poyeza kuchokera pakati pa bwalo la konayo kufika pa njanji), amene ndi ofala pa njanji zogula, akuimira mamita 33 okha pa njanji yeniyeni, choncho ngodya za timabogi zimayandikana kwambiri pamenepo. Ikani timabogi tiwiri pa kona imeneyo, tiyandikizeni mpaka ngodya zitatsala pang'ono kugundana, ndipo chokolera chisankhidwe pa muyezo umenewo. Mpata wotsala umatsekedwa ndi pepala lakuda lopindidwa mobwerezabwereza ngati chikupizo, lomatidwa ku kabogi kamodzi, ndipo kumapeto kwake kumaikidwa kachidutswa kosalala ka pulasitiki kotsetsereka pa kanzake. Yesani sitima yonse poikoka ndi poikankha chobwerera pa mphambano zonse, pa liwiro lochepa, ndipo kabogi kakagwa pa malo amodzimodzi kawiri, katembenuzeni n'kuyesanso: kakagwa ndi kangolo komweko vuto lili pa mawilo kapena pa chokolera cha mbali imeneyo, koma kakagwa ndi kangolo kenako pa malo omwewo, kayang'aneni njanji.